Makuponi a kuntchito olipirira olera ana ku UK: mmene andithandizira ndi pamene andiluma kuyambira 2016

Mwezi uliwonse pa pepala la malipiro anga pamakhala mzere wosonyeza kuti £243 yachotsedwa msonkho usanawerengedwe. Ndalama imeneyi siifika m'manja mwanga, koma imapita ku akaunti ya pa intaneti imene kampani ina imayendetsa m'malo mwa olemba ntchito anga, ndipo ndi imene ndimalipirira anthu osamalira ana anga awiri pa nthawi imene ine ndili kuntchito. Kuno ku England amaitchula kuti childcare vouchers, koma pakhomo pathu timangoti makuponi, ngakhale kuti chiyambire sindinagwirepo kuponi ya pepala ndi imodzi yomwe. Ndinalowa mu ndondomeko imeneyi mu 2016, mwana wanga woyamba atangokwanitsa zaka ziwiri, ndipo ndidakalimo mpaka lero, pamene ambiri mwa anzanga amene tinayambira limodzi anatulukamo kalekale, ena mwa kufuna kwawo, ena chifukwa anasintha ntchito osadziwa kuti potero akudzitsekera khomo.

Mmene ndimaonera ine, makuponiwa ndi abwino kwa kholo limene lili kale mkati ndipo ana ake anayamba sukulu, koma phindu lake ndi lochepa kuposa mmene ankalilengezera kale, ndipo lakhala likufota mwakachetechete chaka ndi chaka. Kwa munthu amene wangofika kumene m'dziko muno ndipo wamva mbiri yake kwa anzake kutchalitchi kapena kuntchito, ndiyenera kunena msanga kuti boma linaletsa kulembetsa anthu atsopano pa 4 Okutobala 2018, moti amene malipiro ake anali asanayambe kudulidwa pofika tsiku limenelo sangalowenso. Komabe nkhaniyi siyatha ntchito, chifukwa makolo amene tinatsala mkati timafunsidwa chaka chilichonse, ndi makalata a kuntchito kapena ndi anzathu, ngati sikungakhale kwanzeru kuchoka ndi kupita ku ndondomeko ya boma yotchedwa Tax-Free Childcare, ndipo yankho lake silofanana kwa banja lililonse.

Kuti munthu amvetse pamene phindu limachokera, ayenera kudziwa kuti abwana anga sandipatsa ndalama yapadera ayi. Chimene chinachitika ndi chakuti ndinasainira kuti malipiro anga atsike ndi £243 pa mwezi, ndipo m'malo mwake iwo azindipatsa makuponi a mtengo womwewo. Popeza makuponiwo sadulidwa msonkho ngakhalenso ndalama za National Insurance (ndalama ina imene boma limadula pa malipiro kuti ithandize kulipira penshoni ya boma ndi thandizo lina), zimene boma likanatenga pa £243 imeneyo zimatsala m'thumba mwanga. Ine ndimalipira msonkho wa 20 peresenti ndi National Insurance ya 8 peresenti, choncho pa mwezi ndimapulumutsa £68 ndi timasenti pang'ono, zimene zikutanthauza kuti ndalama yofika kubanki imachepa ndi pafupifupi £175 pamene mu akaunti ya makuponi mumalowa £243 yathunthu. Pa chaka phindu limeneli limakwana £816. Pamene ndinkayamba, National Insurance inali 12 peresenti ndipo phindu la pa chaka linali £933, imene ndi nambala yomwe ena amaitchulabe lero ngati kuti siinasinthe. Boma litatsitsa National Insurance kufika pa 10 peresenti mu Januwale 2024, kenako pa 8 peresenti mu Epulo chaka chomwecho, malipiro anga onse anakwera pang'ono ndithu, koma phindu la makuponi linatsika ndi £117 pa chaka, ndipo kampani yoyendetsa akaunti yanga sinanditumizire ndi kauthenga komwe kondidziwitsa zimenezo.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi malire a ndalama imene munthu angaike. Boma linayamba kuchotsera makolo msonkho pa makuponiwa mu Epulo 2005, malire ake ali £50 pa sabata, ndipo chaka chotsatira anakwezedwa kufika pa £55 pa sabata, imene ndi £243 ija pa mwezi. Kuchokera mu 2006 malire amenewa sanakwerepo ndi khobidi limodzi lomwe, pamene mitengo ya kunazale ndi ya makalabu a ana yakwera mobwerezabwereza. Mu 2009 nduna yaikulu ya pa nthawiyo, Gordon Brown, inalengeza kuti ikufuna kuthetseratu phindu la msonkholi, koma makolo ndi aphungu a chipani chake chomwe atadandaula kwambiri, boma linabwerera m'mbuyo ndipo linangochepetsa gawo la anthu olandira ndalama zambiri. Ndi chifukwa chake amene analowa kuyambira pa 6 Epulo 2011 ndipo amalipira msonkho wa 40 peresenti amaloledwa £124 yokha pa mwezi, pamene a msonkho wa 45 peresenti amaloledwa £110. Olemba ntchito amawerengera kumayambiriro kwa chaka cha msonkho chilichonse kuti aone gulu limene wantchito alimo, moti mnzanga wina atakwezedwa pa udindo anadabwa kuona kuti makuponi ake atsika pafupifupi ndi theka mu Epulo wotsatira. Ku Scotland magawo a msonkho ndi osiyana ndi a kuno, choncho kholo la kumeneko liyenera kuwerengera phindu lake ndi manambala a kwawoko.

Pa kagwiritsidwe ntchito ka tsiku ndi tsiku ndilibe madandaulo ambiri. Makampani oyendetsa makuponi alipo angapo, monga Edenred, Computershare ndi Kiddivouchers, koma wantchito sasankha yekha, amangolandira imene olemba ntchito anapangana nayo. Akaunti yanga imatsegulidwa pa foni kapena pa kompyuta, ndalama imalowa pa tsiku la malipiro kapena mawa lake, ndipo ndikafuna kulipira ndimasankha dzina la wosamalira ana, kulemba kuchuluka kwa ndalama ndi dzina la mwana, basi. Ndikhozanso kukonza kuti ndalama izipita yokha mwezi uliwonse. Tsamba lake ndi lachikale, ndipo zikuonekeratu kuti palibe amene akuwonongerapo ndalama kulikongoletsa popeza makasitomala akungochepa, koma limachita zimene liyenera kuchita, ndipo chiyambire silinanditayirepo ndalama.

Chimene munthu ayenera kuzolowera ndi kuchedwa kwa ndalama panjira. Ukatumiza lero, imafika kubanki ya wosamalira ana patapita masiku atatu kapena anayi a ntchito, ndipo tsiku lomaliza kulipira likagwera pafupi ndi Loweruka kapena tchuthi cha boma, ukhoza kupezeka uli pa ngongole pamene unatumiza nthawi yabwino. Zinandichitikira mwana wanga woyamba ali kunazale. Ndinatumiza ndalama Lachinayi, tsiku lomaliza linali Lolemba, ndipo Lachiwiri madzulo nditapita kukatenga mwana, mayi wa mu ofesi anandiitanira pambali n'kundipatsa envulopu imene munali kalata yondikumbutsa ngongole pamodzi ndi chindapusa cha kuchedwa. Ndinamuonetsa pa foni kuti ndalama inachoka kwa ine masiku asanu apitawo, iye anatembenuza kompyuta yake kuti ndione ndekha, ndipo tinaipeza ili pakati pa ndalama zina zisanu ndi imodzi zochokera ku kampani yomweyo, zonse za £243, yangayo yopanda dzina la mwana chifukwa bokosi lolembamo dzina ndinalisiya lopanda kanthu. Kulakwa kunali kwanga, chindapusa anachichotsa mwaulemu, koma kuyambira tsiku limenelo ndimatumiza sabata yathunthu tsiku lisanafike ndipo dzina la mwana ndimalilemba lonse. Ndikuona kuti kampaniyo ikanachita bwino kukana kutumiza ndalama bokosi limenelo lisanadzazidwe, popeza makolo ambiri amatumiza ndalama yofanana pa masiku ofanana.

Mbali imene ndimaikonda kuposa zonse ndi yakuti makuponi amaunjikana. Ana atayamba sukulu, zolipira za mwezi ndi mwezi zinachepa, chifukwa wamng'ono amangopita ku kalabu ya akaweruka kusukulu masiku atatu pa sabata. Koma chakumapeto kwa Julayi sukulu zimatseka kwa masabata pafupifupi asanu ndi limodzi, ndipo masiku a tchuthi a ine ndi a amuna anga sangakwanire nthawi yonseyo, kuphatikizapo tchuthi cha Khirisimasi, cha Pasaka ndi timatchuthi ta pakati pa teremu. Kuyambira Seputembala ndimasiya zotsala za mwezi uliwonse mu akaunti, ndipo pofika Juni ndimakhala ndi zokwanira kulipirira ana onse awiri kalabu ya patchuthi osakhudza malipiro a mwezi umenewo. Ndalama imene sunaione kubanki suiika pa zina, ndipo kwa munthu ngati ine amene foni za achibale opempha thandizo sizichedwa kufika, akaunti imene ndalama yake singatuluke kupita kwina kulikonse yandithandiza kuposa mmene ndinkayembekezera.

Koma makuponi salipira aliyense amene wakugwirira mwana. Wosamalira ana ayenera kukhala wolembetsedwa ndi bungwe loyang'anira, limene ku England ndi Ofsted, ku Scotland ndi Care Inspectorate, ku Wales ndi Care Inspectorate Wales, ndipo ku Northern Ireland ndi mabungwe a zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu a m'dera lake. Ayeneranso kulembetsa ndi kampani ya makuponiyo kuti dzina lake lioneke mu akaunti yako. Nazale, mayi wolera ana a anthu pakhomo pake, kalabu ya m'mawa kapena ya madzulo kusukulu, ndi makalabu ambiri a patchuthi amalowa m'gulu limeneli. Ife tinakula ndi mwambi wakuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo mabanja ambiri amene ndimawadziwa amadalira agogo, azakhali kapena mnzawo wa kutchalitchi amene ali ndi nthawi masana, koma anthu oterewa sangalandire makuponi ngati sanalembetsedwe, ndipo wachibale wosamalira mwana m'nyumba ya mwanayo saloledwa ndi komwe. Chaka china mwana wanga wamkulu anafunitsitsa kupita ku maphunziro a mpira a sabata imodzi amene anzake onse ankapitako, ndipo ndinazindikira nditalonjeza kale kuti oyendetsa ake sanali olembetsedwa, moti ndinalipira kuchokera m'thumba makuponi ali phee mu akaunti. Masiku ano funso loyamba limene ndimafunsa, ndisanafunse ndi mtengo womwe, ndi lakuti ali ndi nambala ya Ofsted kapena ayi.

Pamene makuponi anandiluma zenizeni ndi pa tchuthi cha uchembere, ndipo pano ndikhalapo pang'ono chifukwa amayi ambiri amazindikira mochedwa monga ndinachitira ine. Malipiro a uchembere amene lamulo limalamula, otchedwa Statutory Maternity Pay, amaperekedwa kwa masabata 39, ndipo pa masabata 6 oyambirira mayi amalandira 90 peresenti ya malipiro ake a pa sabata. Malipiro amenewo amawawerengera pa masabata 8 amene amathera pa sabata ya 15 tsiku loyembekezera kuchira lisanafike, ndiye kuti chapakati pa mwezi wachinayi ndi wachisanu ndi chimodzi wa pakati, nthawi imene mayi sanayambe n'komwe kuganiza za mapepala a tchuthi. Vuto ndi lakuti amawerengera malipiro otsika aja, makuponi atachotsedwa kale. Ndili woyembekezera mwana wachiwiri mu 2017 ndinapitiriza kudulitsa £243 pa miyezi iwiri imeneyo, ndipo msonkho umene ndinapulumutsa unali pafupifupi £155, koma malipiro anga a uchembere a masabata 6 aja anachepa ndi ndalama yoposa pang'ono £300. Ndikanaimitsa makuponi kwa miyezi iwiri yokhayo ndikanapindula, ndipo mfundo imeneyi inalipo ndithu m'chikalata chimene ndinasainira, koma inali pa tsamba lachinayi m'malemba aang'ono, ndipo ku ofesi yoona za antchito palibe amene anandikumbutsa pamene ndinkawauza kuti ndili ndi pakati.

Panalinso chinthu china chimene ndinkayembekezera koma sichinachitike. Kale olemba ntchito ambiri ankapitiriza kupereka makuponi mayi ali pa tchuthi cha uchembere, iwo eni n'kumalipira, popeza malipiro olamulidwa ndi lamulo sangadulidwe. Koma mu 2016 khoti la apilo loona milandu ya pantchito, pa mlandu wa Peninsula Business Services ndi Donaldson, linagamula kuti makuponi operekedwa potsitsa malipiro ndi gawo la malipirowo, choncho wolemba ntchito sakakamizidwa kuwapitiriza pa nthawi ya tchuthi. Kumene ndimagwira anatsatira chigamulochi, makuponi anga anaima, ndipo ndinayambiranso nditabwerera kuntchito mu Malichi 2018. Mwayi wanga unali wakuti khomo linali lisanatsekedwe. Lero zinthu zinasintha, chifukwa munthu akatha masabata 52 osalandira kuponi ndi imodzi yomwe amaonedwa kuti watuluka, ndipo sangabwererenso. Mayi amene akupita ku tchuthi chachitali ayenera kuwerenga masabata amenewa ndi kalendala m'manja, n'kupangana ndi a ku ofesi kuti alandireko ngakhale pang'ono chaka chisanathe.

Kutsika kwa malipiro kumakhudzanso zinthu zina zimene zimawerengedwa kuchokera pa malipirowo. Malo ena a ntchito amawerengera penshoni pa malipiro otsika, zimene zikutanthauza kuti pa zaka khumi munthu amataya kangachepe ndithu, koma kwathu amawerengera pa malipiro a poyamba, ndipo ndinaumirira kuti andilembere zimenezi m'kalata. Pamene tinkapempha ngongole ya nyumba, banki inafunsa chifukwa chimene malipiro a pa pepala la mwezi sankagwirizana ndi a m'kalata ya ntchito, ndipo panafunika kalata ina yofotokoza. Komanso lamulo silola kuti kudula kotereku kutsitse malipiro a munthu pansi pa malipiro ochepetsetsa ovomerezeka ndi boma, moti antchito olandira zochepa, amene akanafuna thandizoli kuposa wina aliyense, ndiwo amaloledwa pang'ono kapena osaloledwa n'komwe. Mnzanga wina wogwira ntchito yosamalira okalamba makuponi ake anawachepetsa kawiri konse, chifukwa chaka chilichonse malipiro ochepetsetsa akakwera mu Epulo, ake ankatsala pafupi kwambiri ndi malirewo.

Chofooka chachikulu cha ndondomeko yonseyi ndi chakuti yamangirizidwa pa wolemba ntchito mmodzi. Amuna anga analinso ndi makuponi awo kumene ankagwira, ndipo tonse awiri tinkapulumutsa £1,866 pa chaka, popeza kholo lililonse limaloledwa gawo lake. Kumayambiriro kwa 2019 anapeza ntchito ina ya malipiro abwinoko, ndipo ngakhale kuti malo atsopanowo anali ndi makuponi a antchito awo akale, iwo anaonedwa ngati munthu watsopano ndipo sanaloledwe. Pali kusiyana ngati kampani yagulidwa kapena ntchito yasamutsidwira kwa wolemba ntchito wina pansi pa malamulo otchedwa TUPE, chifukwa pamenepo ufulu wa makuponi umasamuka ndi munthu, koma wochoka mwa kufuna kwake, kapena wochotsedwa chifukwa ntchito yatha, amataya zonse. Ndivomereze kuti kawiri konse ndaonapo ntchito yondikopa ndipo powerengera malipiro ake ndachotserapo phindu la makuponi, zimene ndi zachilendo kwa thandizo limene cholinga chake chinali kupeputsira makolo moyo wa pantchito. Wolemba ntchito nayenso sakakamizidwa kupitiriza ndondomekoyi. Chimene chimatiteteza ndi chakuti nayenso amapindula, chifukwa salipira gawo lake la National Insurance pa ndalama ya makuponi, ndipo gawo limenelo linakwera kuchoka pa 13.8 kufika pa 15 peresenti mu Epulo 2025, ndiye kuti pa wantchito mmodzi ngati ine amapulumutsa pafupifupi £437 pa chaka asanachotse zolipira kampani yoyendetsa akaunti.

Tsono funso limene aliyense amafunsa ndi la Tax-Free Childcare, imene inayamba mu Epulo 2017 kuti ilowe m'malo mwa makuponi. Kumeneko kholo limatsegula akaunti ya boma, ndipo pa £8 iliyonse imene laika boma limaonjezera £2, mpaka £500 pa miyezi itatu iliyonse, kapena kuti £2,000 pa chaka pa mwana aliyense, ndipo kwa mwana wolumala malirewo ndi £4,000. Mwachidule boma limalipira gawo limodzi mwa magawo asanu a mtengo wonse. Kuyerekeza kwake n'kosavuta ngati munthu ali ndi cholembera. Phindu langa la £816 ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a £4,080, choncho banja limene kholo limodzi lokha lili ndi makuponi ndipo limalipira zoposa £4,080 pa chaka lingapindule kwambiri ndi akaunti ya boma, pamene lolipira zochepera pamenepo likhale pa makuponi. Ngati makolo onse awiri ali ndi makuponi athunthu, malire amenewa amafika pa £8,160. Banja silingakhale ndi zonse ziwiri, ndipo wolembetsa ku Tax-Free Childcare ayenera kuuza olemba ntchito ake pasanathe masiku 90 kuti aleke kum'patsa makuponi, zimene zikachitika sabwereranso.

Sindibisa kuti kwa chaka ndi theka, amuna anga atataya makuponi awo ndipo wamng'ono ali kunazale masiku anayi pa sabata, tinkaluza pafupifupi £1,000 pa chaka chifukwa chokana kusamuka. Tinakhala pansi usiku wina ndi mapepala onse patebulo, ndipo amuna anga ankati tisamuke pomwepo. Chimene chinandigwira ine chinali msinkhu wa ana. Tax-Free Childcare imatha pa 1 Seputembala wotsatira tsiku limene mwana wakwanitsa zaka 11, pamene makuponi amapitirira mpaka pa 1 Seputembala wotsatira zaka 15, ndipo kwa mwana wolumala zonse ziwiri zimafika zaka 16. Zaka za kunazale zinali zitatsala zochepa, koma zaka za makalabu ndi matchuthi zinali zambiri kutsogolo. Lero wamkulu anapitirira kale msinkhu wa akaunti ya boma, zolipira zathu zonse za pa chaka zili pafupifupi £3,000, ndipo ngakhale zonsezo zikanaloledwa, boma likanationjezera £600 yokha poyerekeza ndi £816 imene ndikupeza. Ndalama imene tinaluza ija ikubwerera pang'onopang'ono, koma banja la ana awiri aang'ono amene onse ali kunazale sindingaliuze kuti lichite monga tinachitira ife, chifukwa kwa iwo kusiyana kwake kungakhale kwa masauzande.

Makuponi ali ndi ubwino winanso umene sutchulidwa kawirikawiri, wakuti safunsa mafunso ambiri. Akaunti ya boma imafuna kuti makolo onse awiri azigwira ntchito ndipo aliyense azipeza ndalama zosachepera malipiro ochepetsetsa a maola 16 pa sabata, kuti pasakhale kholo lopeza zoposa £100,000 pa chaka, ndiponso kuti miyezi itatu iliyonse kholo lizitsimikizira pa intaneti kuti zinthu sizinasinthe, apo ayi thandizo limaima. Makuponi alibe zonsezi, moti ngakhale mnzako wa m'banja atakhala pasukulu kapena ntchito itam'thera, iwe umapitiriza kulandira. Kwa ife ochokera kunja panali mfundo ina yaikulu: pamene ndinkalowa mu 2016, chitupa changa chokhalira m'dziko muno chinali ndi mawu oletsa kulandira thandizo la boma, koma makuponi anali pangano la ine ndi olemba ntchito anga, choncho palibe amene anandifunsa za chitupacho. Tax-Free Childcare imayang'ana chilolezo chokhalira m'dziko, ndipo mabanja ambiri amene afika posachedwa ndi zitupa za ntchito amapezeka kuti makuponi anatsekedwa, akaunti ya bomanso sawalola. Mbali yokhayo imene akaunti ya boma imachita chilungamo choposa ndi ya anthu odzilemba okha ntchito, amene makuponi sanawaganizirepo chiyambire.

Makuponi amagwirizana bwino ndi maola aulere a kunazale amene boma limapereka ku England, amene kuyambira Seputembala 2025 anafika maola 30 pa sabata, kwa masabata 38 pa chaka, kwa ana a makolo ogwira ntchito oyenerera kuyambira miyezi 9, ndipo munthu akhoza kulipira maola otsala ndi makuponi. Koma banja lolandira Universal Credit, thandizo la ndalama limene boma limapereka kwa anthu opeza zochepa kapena osagwira ntchito, lisamale kwambiri, chifukwa imeneyo imabweza mpaka 85 peresenti ya zolipira olera ana, ndipo gawo limene walipira ndi makuponi sungalipemphenso kumeneko, ndiye kupulumutsa 28 peresenti n'kutaya 85 sikungakhale kuwerengera kwabwino.

Pa thandizo la pa foni, kampani yoyendetsa akaunti yanga ndingaipatse matamando ochepa. Amayankha mwaulemu, koma pafupifupi funso lililonse lofunika amalibwezera kwa olemba ntchito, ndipo a ku ofesi yathu, amene ambiri analembedwa ntchito makuponi atatsekedwa kale, amalibwezeranso ku kampaniyo. Mu 2020 makalabu atatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndalama inaunjikana mu akaunti yanga ndipo ndinafunsa ngati ingabwezedwe. Patapita masabata atatu a kutumizana uku ndi uku, anandiuza kuti zimatheka pa zifukwa zapadera zokha, olemba ntchito akavomera, ndipo ndalamayo imadutsa m'malipiro n'kudulidwa msonkho ndi National Insurance monga mwa nthawi zonse. Ndinasiya zopempha kubwezeredwa, m'malo mwake ndinatsitsa zodulidwa kufika pa £20 pa mwezi kuti ndisatuluke mu ndondomeko, ndipo zounjikanazo zinatha m'chaka chotsatira.

Njira yomweyo ndi imene ndikufuna kutsata tsopano. Wamkulu wayamba kukana makalabu a patchuthi, akuti ndi za ana, ndipo sindikuona kuti adzafika nawo mu 2029 pamene lamulo likumulola. Wamng'ono ufulu wake ukufika pa 1 Seputembala 2032, koma akadzapita kusekondale kalabu ya madzulo idzatha, ndipo sindikufuna kudzatsala ndi mulu wa makuponi opanda womulipira. Ndalembera kale a ku ofesi kuti kuyambira Seputembala akubwerayu azidula £150 m'malo mwa £243, ndipo ndawapempha kuti anditsimikizire m'kalata kuti kutsitsa kumeneku sikukutanthauza kutuluka.